Mitundu Itatu ya Kunyonyomala Imalimbitsa Miyendo

Alimife timati khasu ndi maseŵera okwanira. Koma thumba la makilo 50 limanyamulidwa ndi miyendo, ndipo ikafooka, msana ndiwo umavutika.

Conco tiyeni tiphatikize mitundu itatu ya kunyonyomala tsiku limodzi. Tiyambe ndi thumba lolemerako pamapewa, tinyonyomale ka 5, maulendo atatu: izi zimapatsa mphamvu. Kenaka tipungule katundu, timufungatire pacifuwa, ka 10, kuti nchafu zikule. Pothera, mwendo umodzi kutsogolo, wina kumbuyo, mosinthasintha, kuti wofooka usadalire unzake.

Zidendene zisacoke pansi, msana usapindike. Oyamba kumene ayese opanda katundu. Tipumule masiku aŵiri, tidye nyemba, nshawa ndi kapenta, pakuti minofu imakula popuma. Bondo likabaya, tileke, tipite kucipatala.