Zilembo Zinayi Zimene Osindikiza Amamvana Nazo

M'mphepete mwa nyuzipepala kapena pansi pa katoni ya sopo mumapezeka timadontho ta mitundu inayi: buluu wowala, pinki wakuya, chikasu ndi wakuda. Osindikiza amatchula inki zimenezi ndi zilembo C, M, Y ndi K, zoimira cyan, magenta, yellow ndi key. K ndiye wakuda. Zilembozi n'zimene zimagwirizanitsa anthu amene nthawi zambiri sakumana n'komwe. Wokonza chithunzi pa kompyuta akalemba C60 M40 Y40 K100, wokonza mapleti ndi woyendetsa makina amadziwa kuti pakufunika wakuda bii, pomwe mawu akuti "wakuda kwambiri" aliyense akanawamva mwakemwake. Pepala la oda likati 4/1, ndiye kuti inki zinayi kutsogolo, imodzi kuseri, ndipo mtengo amawerengera pamenepo.

Ena amati popeza zonse zili m'manambala, makina atha kuchita okha ndipo luso la munthu latha ntchito. Maganizowa ali ndi pogwira, chifukwa masiku ano kompyuta ndiyo imagawa chithunzi m'mapleti anayi, n'kupendeketsa timadontho ta wakuda pa madigiri 45, ta magenta pa 75 ndi ta cyan pa 15 kuti tisawombane. Koma nambala imangonena chofunika, pepala n'kuchita zake. La nyuzipepala limamwa inki, timadontho n'kufufuma, nkhope ya munthu n'kuda. Woyendetsa makina amasolola pepala limodzi makina ali mkati mothamanga, n'kuika kagalasi kokulitsa zinthu pa kamtanda ka m'mphepete. Akaona magenta itasuzumira pambali pa wakuda, amasuntha pletiyo pang'ono pokha, apo ayi maso a munthu wa pachithunzi aoneka awiriawiri m'makope onse.

Pali dandaulo linanso, loti inki zinayi sizitulutsa mtundu uliwonse. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake kampani ya Pantone inayambitsa manambala a inki zosakaniziratu mu 1963. Komabe kasitomala akabwera ndi buluu wonyezimira wa pafoni, wopangidwa ndi kuwala osati inki, pamafunika wosindikiza wodziwa kumuuza ntchito isanayambe kuti papepala udzazilala, ndiponso kuti inki yachisanu idzafuna pleti yake ndi ndalama zoonjezera.