Kwanu n'kwanu: mtchona, sutukesi yake ndi mudzi umene adausiya

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, mabasi ochokera ku Johannesburg amalowa m'Malawi pa chipata cha Mwanza ndi cha Dedza atadzaza mothina. Pa Jenda, pa Mangochi ndi m'malo ena otsikira mumatuluka anyamata ndi atsikana atanyamula zikwama zikuluzikulu zamizeremizere, mabulangete okulunga m'mapulasitiki ndi mapanelo a sola. Akabaza amawazindikira asanatsegule n'komwe pakamwa: nsapato zoyera mbee zimene sizidapondepo matope, jekete lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndi magalasi akuda pamphumi. Mlendoyo asanafike pakhomo pa mayi ake, mbiri imakhala itafika kale pachitsime yakuti mwana wa auje wabwera, ndipo watchena.

Kwa anthu amene adatsala m'mudzi, zovalazo ndi kalata yoyamba imene amawerenga. Kwa mwini wake, ndi yankho la funso limene palibe angamufunse maso ndi maso: kodi ulendowu udapindula? Nkhani ya malaya ingaoneke yopepuka kwa mlangizi amene mutu wake uli pa mbewu, feteleza ndi madzi aukhondo. Komatu kuseri kwa malayawo kuli munda wa banja, ngongole, thanzi ndi ulemu wa munthu. Mudzi ukawerenga kalatayo molakwika, umataya munthu amene akadauthandiza.

Njira yakale ya ku Joni

Ulendo wa kummwera sudayambe dzulo. Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, kummawa kwa Northern Rhodesia ndi chigawo cha Tete ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia ndi South Africa, ambiri pofunafuna ndalama za msonkho ndi zovala za banja. Ena ankalembedwa ndi bungwe la eni migodi la Wenela, limene kuyambira 1977 lidadziwika kuti TEBA, kapena kuti Theba m'kamwa mwa anthu. Ena ankangonyamuka paokha wapansi. Dzina la Wenela lidakalipo mpaka lero pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre.

Pofika chaka cha 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Boma lidaimitsa kulemba anthu a m'migodi, lidatsegulanso mu 1977, ndipo ntchitoyi idaduka mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza anthu kachilombo ka HIV. Koma kutha kwa Theba sikudatseke njira. Adzukulu a anthu a m'migodi akuyendabe momwemo, kungoti tsopano amakagwira ntchito za m'nyumba, za m'mashopu ndi zomangamanga, ndipo pakati pawo pali amayi ochuluka.

Ulendo umenewu udasiyira chinenero liwu loluma: mtchona. Ameneyu ndi munthu amene adapita n'kukhalitsa, osatumiza kalata ngakhale kangachepe, mpaka ana ake kukula osamudziwa nkhope. Palibe amene amafuna kutchedwa dzinali, ndipo mantha ake ndiwo amasankha zambiri zimene wapaulendo amaika m'chikwama pobwerera.

Suti idabweza dzina

Wobwera ku Theba ankadziwika ndi sutukesi yachitsulo, njinga, wailesi, makina osokera, chipewa ndi suti. Tsiku loyamba la mapemphero atafika, mudzi wonse unkamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ena ankati n'kunyada chabe, koma nkhani inali yozama kuposa pamenepo. Mumgodi munthu ankadziwika ndi nambala, ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, ndipo ankaitanidwa ngati mwana ngakhale ali ndi imvi. Kumudzi, suti inkamubwezera dzina lake ndi la mfunda wake. Inkanena kuti mwini wake adalowa pansi pa nthaka, adapirira, ndipo adabwerako wamoyo.

Ngakhale mtsogoleri woyamba wa Malawi adafika ngati wapaulendo wotere. Dr Hastings Kamuzu Banda adachoka kwawo ku Kasungu ali mnyamata, ndipo adatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958 patapita zaka zoposa 40. Adafika ndi suti ndi chipewa chachingerezi, zimene zidakhala chizindikiro chake moyo wake wonse, ndipo pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira.

Mudzi nawo sumangoonerera zovala za alendo ake. Umazitenga n'kuziumba kukhala zake. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa m'chigawo chapakati ndi beni wa Ayao ndi magule amene adatengera perete wa asilikali, ndipo adafalikira ndi anthu obwerera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 komanso kuntchito zakutali. Malaya oyera, makabudula osita bwino, masokosi ofika m'mawondo ndi tayi za ovina malipenga zinali zachilendo masiku amenewo. Lero aliyense amaziona kuti ndi chikhalidwe cha makolo.

Chitenje m'chikwama

Kwa mayi, muyeso umakhala wokhwima kuposa wa bambo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi a ku Malawi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo lidathetsedwa mu 1993. Lamulolo lidachoka m'mabuku, koma m'maganizo a anthu ena lidatsalira. Mu Januwale 2012, amayi ena adavulidwa m'misewu ya Lilongwe chifukwa chovala mathalauzi, zimene zidachititsa amayi kusonkhana mumzinda wa Blantyre kudzudzula nkhanzazo.

N'chifukwa chake mayi wochokera kutauni kapena kunja amasunga chitenje pamwamba penipeni m'chikwama. Akayandikira mudzi, makamaka ngati kuli maliro kapena akukaonana ndi apongozi, amachimanga pamwamba pa thalauzi. Ambiri sachita zimenezi chifukwa cha mantha. Ndi njira yonenera kuti adaona zambiri koma sadaiwale kwawo. Vuto limabwera pamene mudzi uyamba kuyesa khalidwe la mayi ndi nsalu yokha, n'kumatanthauzira tsitsi loluka ndi zikhadabo zopaka ngati umboni wa mmene adapezera ndalama. Miseche yotere yathamangitsa amayi amene adabwera ndi mpamba ndi luso la malonda, n'kukakhazikika pa boma m'malo mwa kwawo.

Komanso kalata ya zovala masiku ano imatha kunama. Chiyambire kufala kwa kaunjika, amene ku Zambia amati salaula, jekete labwino limapezeka pa msika uliwonse wa pasabata. Wotchena akhoza kukhala kuti m'thumba mulibe kanthu ndipo tikiti ya basi adachita kukongola. Wovala mwawamba akhoza kukhala kuti ndalama zake adagula malata ndi mbuzi. Achibale akaona nsapato zonyezimira n'kuyamba kubweretsa mavuto a fizi, a feteleza ndi a kuchipatala, wobwerayo amachita manyazi kunena zoona. Amagawa kochepa kamene ali nako, ndipo pofika mu Januwale amakhala akugulitsa foni kuti apeze yokwerera basi yobwerera.

Mudzi wa mumtima ndi mudzi weniweni

Munthu akakhala kutali amapukwa. Amakumbuka nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, mango a kuseri kwa nyumba, dziwe limene ankasambira ndi anzake pochokera kobusa, ndi nthano za agogo pamoto. Mudzi wa mumtimawo sukalamba. Akafika amapeza nkhalango idathera m'matumba a makala, dambo lidalimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo mtsinje umene unkayenda chaka chonse umaphwa chilimwe chisanafike pakati. Anzake ena ali kumanda, ena kutauni. Ana amamupatsa moni ngati mlendo.

Kusinthaku kuli ndi chifukwa chake. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, wa 2008 adapeza 13 miliyoni, ndipo wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Nthaka ndi yomwe ija. Munda umene mtchona adausiya sudagone kumudikira: adaulima mlongo wake, kenaka udagawidwa kwa ana a mlongoyo. Kumadera a chikamwini, bambo wobwerera ukwati utatha amapeza kuti kwa mkazi alibe malo, ndipo kwa mayi ake minda ili m'manja mwa mbumba. Ku Mzimba, kumene malo amatsata bambo, mkangano umabuka pakati pa abale a bere limodzi. Milandu yambiri ya malire imene imafika kwa nyakwawa imayamba ndi munthu amene wabwera kudzafuna mudzi wa mumtima mwake.

Kwa ena, mudziwo sadauonepo n'komwe. Kulanda mafamu kutayamba ku Zimbabwe m'chaka cha 2000, antchito ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adataya ntchito ndi pokhala. Ena adawoloka malire atangogwira dzina la mfumu ndi la boma limene agogo awo ankatchula, akulankhula Chishona kuposa Chichewa. Kumene adabadwira ankatchedwa alendo, ndipo kwawo kwa makolo adapezanso kuti ndi alendo.

Obwera chimanjamanja

Si onse amatsika basi ndi zikwama. Mu Meyi 2008, ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zidapha anthu 62 ku South Africa, ndipo Amalawi ambiri adathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Mu Epulo 2015 zidabukanso ku Durban, boma la Malawi n'kutumiza mabasi okatenga nzika zake. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseka ntchito, mabasi ena adabweretsa anthu amene adafikira kusungidwa pa Kamuzu Stadium, ndipo m'midzi ina adalandiridwa ndi mantha kuti abweretsa matenda.

Anthu otere ndiwo amavutika kwambiri ndi maso a mudzi. Banja lidagulitsa ng'ombe kapena kupinyolitsa munda kuti mwana apeze pasipoti ndi yoyendera, ndipo iye wabwera wopanda ngakhale sopo wa mayi ake. Ena amabisala m'nyumba masabata angapo. Ena amayamba kachasu. Ambiri amakongolanso ndalama n'kubwerera komwe adathawa, poona kuti zikwanje za kutali n'zopiririka kusiyana ndi kuseka kwa anansi. Ndipo alipo amene safika n'komwe: amakalamba m'tizisakasa ta ku Johannesburg, kudikira chaka chimene adzapeze suti yoyenera kubwerera nayo. Utchona wambiri umayamba ndi manyazi, osati kuiwala.

Za pansi pa sutukesi

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chuma chenicheni cha wobwerera nthawi zambiri sichioneka pathupi. Amene ankagwira ntchito pa famu ya zipatso amadziwa kudulira ndi kumezanitsa mitengo ndiponso kuthirira mosawononga madzi. Amene anali pa zomangamanga amadziwa kuika mapaipi, kuwotcherera zitsulo ndi kulumikiza sola. Mayi amene ankagulitsa mushopu amadziwa kulemba zolowa ndi zotuluka, luso limene magulu a banki m'khonde ndi makalabu a alimi amalisowa. Mlangizi wanzeru amayendera munthu wotere m'sabata zoyambirira, ndalama zisanathere m'madyerero, n'kumufunsa zimene manja ake adaphunzira. Akapatsidwa mbali pa dimba la gulu kapena pa komiti ya mjigo, amapeza chifukwa chokhalira.

Nkhani ya munda ndi yofunika kuikamba msanga, pamaso pa atsibweni ndi nyakwawa, mvula isanagwe. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo kudzera m'komiti ya malo ya m'dera la gulupu. Banja limene lili ndi ana kunja lingapewe udani ngati ligwirizana za gawo la aliyense iwo asanabwerere, poti masiku ano foni imafika kulikonse.

Pansi pa masutukesi akale palinso mapepala amene sayenera kukolezera moto. Mu 2019, khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira anthu amene adadwala chifuwa chachikulu kapena silicosis, matenda obwera ndi fumbi la miyala, atagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019. Ndalamazi zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo zimakhudzanso anthu a m'mayiko oyandikana nawo pamodzi ndi mabanja a amene adamwalira. Makhadi a ntchito, nambala ya ku Theba ndi mapepala a kuchipatala ndiwo umboni. Kulembetsa n'kwaulere, choncho aliyense wopempha ndalama kuti athandize gogo kulandira chipukutamisozi ayenera kukayikiridwa. Wobwerera amene akutsokomola kosalekeza, kapena amene anali pa mankhwala a ma ARV kunja, afunika kuperekezedwa kuchipatala mwamsanga kuti mankhwala asadukize.

Chotsala ndi cha mudzi wonse, ndipo sichilira ndalama. Moni wakuti "Takulandirani, mwayenda bwanji?" ayenera kutsogola, funso lakuti "Mwatitengerako chiyani?" lidikire kapena lisabwere n'komwe. Wotchena asasekedwe, wosauka asanyozedwe, ndipo mayi wa thalauzi apatsidwe mphasa ngati mwana wa pakhomo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mwambiwu umakhala woona pokhapokha ngati kwanuko kuli munda wolima, ntchito yogwira ndi anthu okulandira ngakhale sutukesi ili yopepuka.