Beni: Bandi ya Asilikali Imene Idasanduka Gule wa Kumudzi

Mwa magule onse amene amavinidwa m'boma la Mangochi ndi m'midzi ya kummwera kwa Nyanja ya Malaŵi, palibe amene amadabwitsa mlendo koposa Beni. Amuna amalowa m'bwalo ali pa mzere, atavala zovala zonga za asilikali, ena ali ndi mamendulo pa chifuwa. Wotsogolera akaliza wenzulo, ng'oma zimayankha, amayi navomera nyimbo, ndipo mapazi onse amagunda pansi nthawi imodzi monga pa perete. Mlendo sangalephere kufunsa kuti, kodi asodzi ndi alimi a kunyanja adauona kuti usilikali woterewu?

Yankho likuyambira pa dzina lenilenilo. Liwu lakuti Beni lidachokera ku liwu la Chingerezi lotchulira gulu la oimba, limene lero timati bandi. Bandi imene ikunenedwa pano ndi ija ya asilikali, ya malipenga a mkuwa ndi ng'oma yaikulu, imene Azungu adabwera nayo mu Afirika. Akulu akale adati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chidadza chikuimba ng'oma, anthu nachimva.

Guleyu adabadwira kutali ndi Mangochi, m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Mombasa, Lamu ndi Tanga, m'zaka za m'ma 1890. Kumeneko anyamata ankaona maperete a Angerezi ndi Ajeremani, tsono adakhazikitsa magulu awo opikisana. Ku Mombasa kudali gulu la Kingi ndi lina la Scotchi, pamene m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, mudatchuka Marini ndi Arinoti. Gulu lirilonse lidali ndi maudindo ake monga kingi, jenerale ndi kaputeni, ndipo magulu olemera ankagula malipenga enieni. Mbiri imeneyi adaifufuza ndi kuilemba ndi katswiri wa mbiri yakale, Terence Ranger, m'buku limene lidatuluka mu 1975.

Chimene chidasenza guleyu kufika naye kuno ndi nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo adaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Dera la Mangochi, limene boma lake linkatchedwa Fort Johnston chiyambire 1891, lidaiona nkhondoyo itangoyamba kumene. Sitima yankhondo ya Guendolen, imene idalumikizidwa ndi kulowetsedwa m'madzi pamenepo mu 1899, ndiyo idakathira nkhondo sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lero Liuli, mu Ogasiti 1914. Pambuyo pake amuna a m'dziko muno pafupifupi 19,000 adalowa usilikali, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, ndipo ena pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu. Ambiri adatengedwa mokakamizidwa, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda.

M'misasa ya nkhondo ya ku Tanganyika ndi ku Mozambique, anthu ameneŵa adakumana ndi Beni, ndipo amene adapulumuka adabwerera naye kwawo. Pakati pa Ayao guleyu adapeza nthaka yolimidwa kale, pakuti anthu a mafumu Mponda, Makanjira ndi Jalasi adali atazolowerana ndi Aswahili kwa zaka zambiri kudzera m'malonda ndi m'Chisilamu. Chiyankhulo cha nyimbozo sichidali chachilendo kwenikweni m'makutu mwawo.

Koma kumudzi kudalibe ndalama zogulira malipenga a mkuwa. Apa ndipo padaonekera luso la anthu. Ntchito ya bandi yonse adaipereka kwa ng'oma, wenzulo ndi mawu a anthu. Kumpoto, makamaka pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, anthu adapanga malipenga a zikho, naphimba kabowo kake ndi kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, kuti woimbiramo amveke ngati lipenga. Guleyo adatchedwa Malipenga. M'chigawo chapakati mudabuka Mganda. Onsewa ndi ana a bere limodzi.

Zoterezi sizidachitike mu Afirika mokha. Kutsidya kwa nyanja zazikulu, m'chigawo cha Sinaloa m'dziko la Mexico, anthu a m'midzi nawonso adatengera kaimbidwe ka mabandi a asilikali ndi ka amalonda a Chijeremani amene adakhazikika pa doko la Mazatlán m'zaka za m'ma 1800. Kumeneko gulu lotere amalitcha banda, liwu la Chisipanishi limene silikhudzana konse ndi mfunda wa a Banda wa kuno. Mu 1938 Cruz Lizárraga adayambitsa gulu la Banda El Recodo, lotchedwa ndi dzina la mudzi wake. Gululo lidajambula nyimbo zake pa mbale, lidamveka pa wailesi ndi kuyenda maiko, ndipo iye atamwalira mu 1995 ana ake adalipitiriza. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu a ku Sinaloa adapeza zipangizo zenizeni ndi msika, bandi nisanduka ntchito yodyera, pamene ku Mangochi idakhala chuma cha mudzi wonse, chosagulitsa. Koma konsekonse anthu wamba adatenga chida cha olamula nachiyankhulitsa zakukhosi kwawo.

N'chifukwa chake kungakhale kulakwa kuganiza kuti Beni ndi kungotsanzira Mzungu. Munthu amene adasenza katundu akukwapulidwa, m'bwalo la Beni ankavala nyota za kaputeni anthu namuchitira sawasha. Nyimbo zake zinkanyoza gulu lopikisana nalo, kudzudzula akhalidwe loipa ndi kudandaula za msonkho ndi mavuto a paulendo. Guluwo lidalinso ngati chibale, lothandizana pa matenda ndi pa maliro, makamaka kwa amene adapita kukagwira ntchito ku migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Atsamunda ndi amishoni ena sadamuone bwino guleyu. Pamene anthu a m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia adanyanyala ntchito mu 1935, boma lidakayikira magulu a Mbeni kuti ndiwo ankafalitsa uthenga wa kunyanyalako. M'migodi momwemo mudatchuka gule wa Kalela, amene J. Clyde Mitchell adalemba za iye mu 1956.

Lero Beni amavinidwa pa zisangalalo, pa misonkhano ndi m'mipikisano ya sukulu, ndipo amene adaiona Nkhondo ya Chiwaya ndi maso adatha onse. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko, pali mfuti ya sitima ya Guendolen. Koma amtengatenga ambiri alibe chipilala, ngakhale manda odziwika. Chikumbutso chawo chidatsalira m'mapazi a ovina Beni. Mwana akaphunzira sitepe yokha osauzidwa kumene idachokera, ndiye kuti walandira chikho chopanda madzi. Ndi udindo wa akulu a magule, aphunzitsi ndi makolo kuti pophunzitsa kuponda, azifotokozanso za ulendo umene mapazi oyambawo adayenda.