Kompyuta ya kuchipatala ikamalangiza, amaiyang'anira ndani?

Amayi anzanga, ambiri mwa inu mwaonapo namwino akugogoda ndi chala pagalasi la kompyuta, kenako makinawo n'kutulutsa kapepala komata m'buku lanu la kuchipatala. Makina amenewa sangosunga mayina ayi, amalangizanso. Amawerengera tsiku loti mudzabwerenso, amayerekeza mapiritsi amene mwabwera nawo ndi amene anayenera kutsala, ndipo thupi likatsika pasikelo amachenjeza namwinoyo.

Kuno kwathu ntchitoyi inayamba pang'ono. Mu 2001 anthu amene anayambitsa bungwe la Baobab Health anaika makompyuta otere pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, olembera ana odwala. Mu 2006 anayamba kuwagwiritsa ntchito kukiliniki ya ma ARV pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kuchokera apo anafalikira m'zipatala zambiri za boma ndi za mishoni. Makina akakhala pamalo amodzi, wowakonza ndi wowagwiritsa ntchito amadziwana, cholakwika chimaoneka tsiku lomwelo. Akafika m'zipatala zambirimbiri, cholakwika chimodzi chimakhudza odwala onse nthawi imodzi, ndipo chimatha kukhala miyezi osachiona munthu.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kompyuta siiganiza. Imabwereza lamulo limene munthu anailembera, ndipo malamulo a zaumoyo amasintha. Kale mayi woyembekezera amene ali ndi HIV ankayamba kumwa ma ARV a moyo wonse pokhapokha chitetezo cha m'thupi chitatsika kapena atadwala. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kunena kuti mayi aliyense wotere ayambe mankhwala mosadikira, njira imene imatchedwa Option B+. Mu 2016 lamulolo linafikira aliyense wopezeka ndi kachilomboka. Mu 2019 ambiri anasinthidwira kumankhwala okhala ndi dolutegravir. Taganizani tsono: kompyuta imene ikanatsala ndi lamulo la 2010 bwenzi ikuuza namwino kuti mayi uyu sanafike poyamba mankhwala, mwana m'mimba ali pachiswe. Nthawi iliyonse Unduna wa Zaumoyo ukasintha ndondomeko, payenera kukhala munthu wodziwika ndi dzina, amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti makina onse asinthidwa, ayesedwa, ndipo anamwino aphunzitsidwa. Kungoti “a ku ofesi adzakonza” sikokwanira.

Ife azamba nkhaniyi siyachilendo, chifukwa tili ndi mlangizi wathu wapapepala, patografu. Ndi tchati chimene timalembapo mmene khomo la chiberekero likutsegukira ndi mmene mtima wa mwana ukugundira. Chili ndi mzere wochenjeza, ndi wina patatha maola 4 wotiuza kuti tichitepo kanthu. Chapulumutsa amayi ambiri. Komabe mu 2020 bungwe la WHO linatulutsa tchati chatsopano chimene chimayambira pa masentimita 5 m'malo mwa 4. Ngakhale pepala lodalirika limakalamba. Ndipo timaphunzitsa ophunzira athu kuti mayi akamataya magazi sudikira mzere. Kompyuta nayonso iyenera kusiyira namwino mpata wokana malangizo ake, alembe chifukwa chake, ndipo akuluakulu aziwerenga zifukwazo mwezi ndi mwezi. Anamwino ambiri akamakana langizo lomwelo, nthawi zambiri vuto lili m'makina. Pali ngozi inanso: makina ochenjeza pa kanthu kalikonse amatopetsa, munthu n'kuzolowera kungodina osawerenga, ngati tambala wolira usiku wonse amene sadzutsanso munthu.

Nanga zinsinsi zanu? M'makinamo muli dzina lanu, mudzi, zotsatira za magazi. Wogwira ntchito aliyense ayenera kulowa ndi nambala yakeyake yachinsinsi, kuti zidziwike amene watsegula mbiri ya ndani. Kubwerekana nambala kumaoneka ngati kuthandizana pamene mzere wa odwala watalika, koma chinsinsi chikaululika wofunsidwa amasowa. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, ndipo mbiri ya matenda ili m'gulu losungidwa mosamala kwambiri.

Simufunika kudziwa kompyuta kuti mulankhulepo. Ena mwa inu muli m'makomiti a zipatala zazing'ono, ena mumaperekeza odwala. Pamsonkhano funsani kuti ndani pachipatala pano amayankha za makinawa, ndipo anasinthidwa liti komaliza. Funsani zimene zimachitika magetsi akazima: kodi pali kaundula wapapepala, ndipo zolembedwamo amazilowetsa m'makina magetsi akayaka? Zikapanda kulowetsedwa, mayi amene anatenga mankhwala ake bwinobwino amaoneka ngati wathawa chithandizo, anthu n'kumufunafuna kumudzi, aneba akuona. Ndipo tsiku kapena mankhwala olembedwa pakapepala kaja akasiyana ndi zimene namwino wakuuzani pakamwa, musatuluke m'chipindamo musanamuonetse.