KODI MANKHWALA A MALUNGO AMATHERANJI MPHAMVU?

Omvera athu achikulire a ku Tsangano ndi ku Macanga amakonda kufunsa kuti kolokwini uja anapita kuti. Amati anali wowawa, ena ankawayabwitsa thupi, koma malungo ankathawa. Ena amafika poganiza kuti makampani ndiwo anayamba kupanga mankhwala osalimba. Zoona zake n'zakuti mbulu wa kolokwini sunasinthe. Chimene chinasintha ndi kachirombo koyambitsa malungo, ndipo anthu amene anatulukira mmene kanasinthira ndi akatswiri a m'mayunivesite amene amafufuza tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa zamoyo, tosaoneka ngakhale pa makina oyezera magazi a kuchipatala. Mbali yaikulu ya nkhaniyi inachitikira kuno kwathu, tsidya lino ndi tsidya lina la malire.

Ambiri mwa inu munali ku Ntcheu kapena ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo munayamba kubwerera kumudzi mtendere utasainidwa mu 1992. Chaka chotsatira, mu 1993, dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa muno kuchotsa kolokwini m'zipatala zake n'kuikapo Fansidar, chifukwa ana ambiri ankamwa kolokwini koma osachira. Ku Mozambique kuno kolokwini anapitirira kwa zaka zina pafupifupi 10. Choncho panali nthawi imene abale awiri okhala moyang'anizana, wina mbali iyi ya msewu wa pa Lizulu wina mbali inayo, ankalandira mankhwala osiyana pa nthenda imodzi. Udzudzu wokha ndi umene sunkafunsa za malire.

Kachirombo kamadya chiyani?

Kachirombo ka malungo kakalowa m'magazi kamabisala m'maselo ofiira, n'kumadya chinthu chimene chimafiiritsa magazi, chotchedwa hemoglobin. Koma chakudya chimenechi chili ndi vuto. Kachirombo kakachigaya pamatsala nyenyeswa zokhala ndi ayironi, zomwe ndi poizoni kwa iko komwe. Monga mayi amaviika chinangwa chowawa kuti ululu uchoke, nakonso kamaumba nyenyeswazo kukhala timibulu takuda tosavulaza. Ntchito ya kolokwini ndi kulowa m'kathumba kogayira chakudya ka kachiromboko n'kulepheretsa kuumbako. Poizoni amachuluka, kachirombo n'kufa ndi zotsala za chakudya chake chomwe.

Nanga kanapulumuka bwanji? Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo a kapangidwe kake olembedwa mu DNA, ndipo ndime iliyonse ya malangizowo imatchedwa jini. Mu 2000 gulu la ofufuza a ku America, mwa iwo David Fidock ndi Thomas Wellems, linapeza jini imene linaitcha pfcrt. Jini imeneyi imapanga puloteni yokhala pakhoma la kathumba kaja. Tayerekezani kuti puloteniyo ndi chingwe cha mikanda 424. Mu tizirombo tosamva kolokwini, mkanda wa nambala 76 ndi wosinthika, pamodzi ndi ina ingapo. Kusintha kochepako kumachititsa puloteniyo kukapira kolokwini kunja kwa kathumba, ngati munthu wokapa madzi m'bwato. Mankhwala amalowa ndithu, koma sakhalitsa.

Tizirombo totere sitinabadwire kuno ayi. Poyerekeza DNA yake, akatswiri anaona kuti tinachokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo tinayamba kuoneka ku East Africa mu 1978. Tinkayenda m'magazi a anthu apaulendo.

Zimene zinaoneka ku Ndirande

Jini ija itadziwika, zinatheka kuyeza kadontho kamodzi ka magazi kouma papepala n'kudziwa ngati tizirombo ta munthuyo tili ndi mkanda wosinthika. Ofufuza a ku University of Maryland motsogozedwa ndi Christopher Plowe, pamodzi ndi anzawo a ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, anayeza magazi amene anasungidwa kwa zaka zambiri. Anapeza zodabwitsa. Mu 1992, odwala 85 pa 100 aliwonse anali ndi tizirombo tosamva kolokwini. Pofika mu 2000 anali 13 okha pa 100 aliwonse.

Mu 2005 anayesadi pa ana 210 odwala malungo ku Ndirande. Theka anapatsidwa kolokwini, theka Fansidar. Kolokwini, amene anatayidwa zaka 12 m'mbuyomo, anachiza 99 pa 100 aliwonse, pomwe Fansidar anachiza 21 okha. Zotsatirazi anazifalitsa Miriam Laufer ndi anzake mu 2006.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mkanda wosinthika uja uli ngati katundu pamutu. Kukakhala kolokwini umapulumutsa kachirombo, koma kolokwini akachoka umangokalemetsa, ndipo anzake opanda katundu amakapitirira pochulukana.

Apa wina anena kuti, basitu tibwerere ku kolokwini. Ayi ndithu. Ofufuza omwewo anachenjeza kuti tizirombo tosamva tinali tikadalipo m'maiko oyandikana, ndipo kolokwini akabwerera yekha tikhoza kudzadzanso m'zaka zochepa. Maiko athu onse awiri sanamubwezeretse. Mukamupeza pa benchi kumsika, m'siyeni pomwepo.

Fansidar naye anagwa mofananamo, majini ena awiri a kachirombo atasintha. Sachizanso malungo, koma amayi oyembekezera amapatsidwabe kusikelo monga chitetezo, pakuti amathandiza kuti mwana abadwe ndi sikelo yabwino. Amayi musamukane.

Nanga Coartem?

Mankhwala amene tikumwa masiku ano ku Malawi amawatcha LA ndipo anayamba mu 2007. Kuno timawadziwa kuti Coartem, ndipo anakhala mankhwala oyamba kuperekedwa mu 2009. Ndi amodzimodzi, dzina lokha ndilo losiyana. M'mbulu umodzi muli mankhwala awiri. Oyamba, artemether, amachokera ku chomera chimene mayi wina wa ku China, Tu Youyou, anachifufuza mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Amenewa amapha tizirombo tambiri mofulumira koma satenga nthawi m'thupi. Achiwiri, lumefantrine, amatsalira masiku angapo n'kumakunkha totsala. Anawaphatikiza dala, popeza n'kovuta kuti kachirombo kamodzi kazembe misampha iwiri nthawi imodzi.

Koma kakuyesetsa. Ku Cambodia madokotala anaona kuti tizirombo tikuchedwa kufa, ndipo mu 2014 inapezeka jini yochititsa zimenezi, yotchedwa kelch13. Mu 2020 kusintha kwa jini imeneyi kunalengezedwa ku Rwanda, mu 2021 ku Uganda. Chodetsa nkhawa n'chakuti ulendo uno tizirombo sitinachokere ku Asia. Tinasinthira mu Africa momwemuno.

N'chifukwa chake mankhwalawa amayesedwa pafupipafupi. Mu 2018 ofufuza a ku Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, likulu la kafukufuku limene linatsegulidwa mu 1996, mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo anatsatira ana odwala malungo m'malo anayi: Montepuez, Mopeia, Massinga ndi Moatize m'chigawo chathu chino cha Tete. Coartem anachiza ana oposa 95 pa 100 aliwonse, ndipo kusintha koopsa kwa kelch13 sikunapezeke. Imeneyo ndi nkhani yabwino, koma ndi ya 2018. Kuyeza kuyenera kupitirira.

Pa kafukufuku wotere pamakhala funso limodzi lovuta. Mwana akachira n'kudwalanso patatha masabata atatu, kodi mankhwala alephera kapena walumidwanso ndi udzudzu wina? Ndi maso simungasiyanitse. Ofufuza amatenga kadontho ka tsiku loyamba ndi ka tsiku lodwalanso, n'kuchulukitsa DNA ya tizirombo pogwiritsa ntchito njira yotchedwa PCR. Tizirombo tikafanana ngati zidindo za chala chimodzi, ndiye kuti takale tija sitinafe. Tikasiyana, vuto si mankhwala koma neti.

Mbali ya ife kumudzi

Alimi a mbatata ya kachewere ndi chimanga mukudziwa zimene zimachitika mukathira mankhwala ochepa m'thumba pofuna kuti akwanire matumba ambiri. Anankafumbwe ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. M'magazi zimachitikanso chimodzimodzi. Munthu akamwa Coartem tsiku limodzi n'kusiya chifukwa mutu waleka kuwawa, amapha tizirombo tofooka n'kusiyira udzudzu tolimba kuti ukapatse mnansi.

Chizolowezi chogawana mankhwala chafala m'midzi yathu. Mayi amasungako mibulu kuti idzathandize mwana wina, kapena amagawa paketi imodzi kwa ana awiri. Timamvetsa, chipatala chili kutali ndipo nthawi ya mvula milatho imavuta. Koma ana onse awiriwo amakhala atamwa theka. Coartem amamwedwa maulendo 6 m'masiku atatu, ndipo kuchuluka kwa mibulu kumatengera kulemera kwa wodwala. Amagwira bwino akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga phala lotendera, mkaka kapena bere kwa khanda. Mwana akasanza atangomwa kumene, auzeni azaumoyo kuti amupatsenso.

Yambani mwayezetsa, chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Ngati munalandira LA ku Ntcheu kenako mwapita kuchipatala cha ku Furancungo kapena cha ku Tsangano, nyamulani kabuku kapena paketi yake mukaonetse, kuti namwino adziwe zimene mwamwa kale ndi tsiku lake. Ndipo mwana akamaliza mibulu yonse koma thupi n'kutenthanso pasanathe mwezi, musakagule ena pagolosale. Bwererani naye kuchipatala mukanene tsiku limene anayamba kumwa ndi limene anamaliza.