Thanki ya madzi oipa: yambani ndi kulemera kwake

Ku America anthu ambiri amayenda ndi magalimoto okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi, otchedwa RV. Mavuto amayamba akaima pamalo opanda paipi yotayira zonyansa. Matanki apansi amadzaza, ina madzi osamba ndi otsukira mbale, ina zakuchimbudzi. M'malo mosamutsa galimoto yonse, amakhuthulira m'thanki yamatayala n'kuikokera kotayira.

Munthu akandifunsa kuti agule iti, ine ndimayamba ndi masamu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya Camco Rhino ya magaloni 36, pafupifupi malita 136, ikadzaza imalemera pafupifupi ngati matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50. Ya matayala awiri muyenera kuidzutsa kutsogolo ndi manja anu, msana n'kumalira. Ya matayala anayi imangotsatira, ndipo mutha kuikoka ndi galimoto pang'onopang'ono.

Koma kuchepetsetsa nakonso n'kudzipalira. Thanki ikachepera ya m'galimotomo, mukangochedwa kutseka paipi, zakuchimbudzi zimasefukira pamapazi panu, anzanu akuonerera.

Yang'anani kaye kukula kwa thanki ya RV yanu, ndiye mugule yoposerapo pang'ono, ya matayala anayi.