Kodi Bangwe wa ku Nsanje ndi Wosachuna?

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'masukulu nthawi yokonzekera mipikisano ya nyimbo, akuti zoimbira za makolo nzosachuna. Mphunzitsi amene anakulira pa do-re-mi wa kwaya akamva bangwe wa ku Nsanje, khutu lake limamuuza kuti nsambo zina zalefuka, zina zakungika mopitirira. Akakhala wachangu amayamba kusuntha timitengo ta pansi pa nsambozo kuti akonze. Koma chimene akukonzacho sichinaonongeke konse.

Bangwe ndi thabwa lokhala ndi nsambo imodzi yaitali, yopisidwa m'mabowo uku ndi uku kufikira itaoneka ngati nsambo zambiri. Mwini wake amachuna posuntha timitengo tija, ndipo kunsonga kwa thabwalo amalowetsa m'chikho kapena m'chitini kuti mawu akule. Sasuntha mwachisawawa ayi. Ali ndi muyeso wake m'khutu, ndipo muyesowo unapimidwa kale.

Mu 1958 Bambo Hugh Tracey anajambula nyimbo ku Chikwawa ndi ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Mkuluyu ankayenda ndi timafoloko tachitsulo, kalikonse kolira liwu lakelake, toyesera zoimbira. Pambuyo pake Bambo Wim van Zanten a ku Netherlands, amene ankaphunzitsa pa Yunivesite ya Malawi, anapima bangwe, valimba ndi malimba za Asena, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1980 m'magazini ya African Music.

Nkhani yake yagona apa. Akatswiri amagawa mtunda wochokera pa do wa m'munsi kufika pa do wa m'mwamba m'tizigawo 1,200. Makwerero a do-re-mi ali ndi masitepe asanu ndi awiri osalingana: asanu ndi a tizigawo 200, awiri ndi a 100. Asena nawo ali ndi masitepe asanu ndi awiri, koma onse amafuna kulingana, lililonse pafupifupi tizigawo 171. Choncho liwu lachitatu limagwera pa 343, pakati pa 300 ndi 400 zimene piyano imadziwa. Pamenepo mpamene mphunzitsi uja amatsinya nkhope. Komatu kulingana kumeneku kuli ndi phindu lake: nyimbo itha kuyambira pa nsambo ina iliyonse, mokwera kapena motsika malinga ndi mmero wa woimba, osasintha maonekedwe ake.

Amene amayesa kuti do-re-mi wa lero ndi wachikhalire ayenera kumva za lute, choimbira cha ku Ulaya chofanana ndi gitala koma cha mimba yobulungira. M'zaka za m'ma 1500 nsambo zake zinali za matumbo a nkhosa, ndipo mabuku ophunzitsira ankalangiza kuti nsambo yaing'ono koposa ikungidwe kufikira pamene ingapirire osaduka, zinazo zitsatire iyo. Malo oponda zala anali tizingwe tomangidwa pakhosi pa choimbiracho, tosunthika ngati timitengo ta bangwe, ndipo akatswiri ankatsutsana za pamene tiyenera kukhala. Mu 1581 Vincenzo Galilei, bambo wake wa Galileo wa zakuthambo uja, analemba kuti pa sitepe lililonse nsambo ifupikitsidwe ndi gawo limodzi mwa magawo 18, kuti masitepe onse alingane. Muyeso umene piyano zimatsata lero, wakuti liwu lotchedwa A linjenjemere ka 440 pa sekondi, anagwirizana ku London mu 1939 mommuno. Oimba nyimbo zakale ku Ulayako masiku ano amafufuza m'mabuku ndi m'nyumba zosungira zakale kuti apezenso kachunidwe kamene agogo awo anataya.

Ku Chigwa cha Shire kachunidweko kadakali m'makutu mwa anthu, ndipo zimene anajambula Bambo Tracey zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi valimba. Bangwe akamusokoneza, mwini wake amabwezera timitengo m'malo mwake madzulo omwewo. Koma valimba amachuna posema: akapala pansi pa thabwa chapakati liwu limatsika, akapala kunsonga limakwera, ndipo chikho cha pansi pake anachisankha kuti chiyankhe liwu lomwelo. Sukulu imene yasemetsa valimba zake kuti zigwirizane ndi kiyibodi iyenera kufunanso mmisiri, mitengo ina ndi zikho zina ikadzafuna kuimba monga amaimbira ku Nsanje.